Nyumba yokongola imadziwa pomwe yaima

Mukadzakweranso basi yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mukadzafika pa Lizulu mudzayese kuchotsa maso pa milu ya kabichi, tomato ndi kachewere. Mudzayang'ane nyumba. Kuchokera pamenepo, kudutsa pa Mlangeni, pa Tsangano Turn-off, pa Biriwiri mpaka kufika pa boma la Ntcheu, msewu wa M1 umakuonetsani mibadwo itatu itaima pabwalo limodzi.

Pali nyumba ya agogo, yamdindo, yofolera ndi udzu, khonde lake lozira bwino ndi dothi lakuda. Pambali pake pali ya bambo, ya njerwa zootcha, malata ake aja anagulidwa ndi ndalama za ku Theba tsopano achita dzimbiri. Kenaka pali ya mwana, yomwe yamangidwa ndi ndalama za ku Joni, za geni kapena za ngongole ya kuntchito. Iyi ili ndi zipilala ziwiri pakhomo, magalasi akuda aakulu ngati a shopu, penti yotuwa, denga losaoneka n'komwe. M'basimo simulephera kumva wina akuti, "Eee, koma iyi ndiye nyumbatu iyi!"

Ndi nyumbadi, ndipo kusirira si mlandu. Munthu akamanga chooneka, mudzi wonse umawala. Koma m'mabanja ambiri nyumba imamangidwa kamodzi pa moyo wonse. Imadya ndalama zomwe zikanalipira fizi, imadya ng'ombe, imadyanso zaka zomwe bambo kapena mayi anakhala kutali ndi ana. Ikalakwika simungaibweze kusitolo ngati nsapato yothina. N'chifukwa chake funso loti nyumba yokongola ndi yotani si la anthu olemera okha. Ndi la aliyense amene waunjika mchenga pakhomo n'kumadikira kuti chaka chino zokolola zikayenda bwino ayambe maziko.

Ntcheu ndi maiko awiri

Amene amalidziwa bwino boma lino sangatsutse kuti muli nyengo ziwiri zosiyana ngati usiku ndi usana. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, mwezi wa June ukafika madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo nkhungu imatha kuphimba munda wonse mpaka dzuwa litakwera. Mukatsikira kuchigwa cha Bwanje, ku Kasinje ndi ku Sharpevale, mwezi wa October anthu amagona panja chifukwa m'nyumba simulowereka.

Chodabwitsa n'choti pulani ya nyumba yomwe munthu wa ku Tsangano waiona pa Facebook ndi yomweyonso yomwe wasankha mnzake wa ku Kasinje. Mwina chithunzicho chinajambulidwa ku Johannesburg kapena ku Dubai, komwe eni ake ali ndi makina oziziritsa ndi otenthetsa m'nyumba, magetsi osathima. Ife timangotengako maonekedwe, zina zonsezo zimatsalira komweko. Zotsatira zake, wa kumapiri amayenda pa matailosi ozizira ngati mwala wa mumtsinje, wa kuchigwa amaphikika kuseri kwa magalasi oyang'ana kumadzulo. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu nzeru yake si yapatali. M'miyezi yozizira dzuwa kuno kwathu limayenda mopendekera kumpoto, choncho mawindo oyang'ana kumpoto amalowetsa kadzuwa kofunditsa m'nyumba nthawi yomwe tikukafuna. M'chilimwe dzuwa limadutsa pamutu, ndipo denga lotulukira kunja pang'ono limakwanira kulitchinga. Mbali yovuta ndi ya kumadzulo, komwe dzuwa la masana limalowa chopingasa. Kumeneko ndi koyenera khoma, khonde kapena mtengo wa mthunzi, osati galasi lalikulu. Kuchigwa, mawindo awiri oyang'anizana amachititsa kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Zonsezi sizionjezera ngakhale thumba limodzi la simenti. Zimangofuna kuti musanakhome zikhomo pamalopo, muyambe mwaona komwe dzuwa likutulukira ndi komwe mwera umachokera.

Zomwe akatswiri akubwerera

Pali maganizo akuti nyumba yamakono ndi yomwe yathawa dothi. Koma mukaona nyumba zomwe akatswiri olemba mapulani akuzitama masiku ano, mupeza kuti zambiri zikubwerera komwe ife tikuthawako.

Chitsanzo chapafupi chili pa chipatala cha boma cha Kasungu. M'chaka cha 2015 bungwe la MASS Design Group linamaliza kumanga chiyembekezo cha amayi oyembekezera. M'malo momanga chiholo chimodzi chachitali monga tinazolowera, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, mofanana ndi momwe mudzi umakhalira. Makoma ake ndi a njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsinidwa pa makina, zosaotcha. Madenga ake ndi otulukira kunja kwambiri kotero kuti amayi ndi owadikirira amakhala pamthunzi, kucheza ndi kuyanika zovala ngakhale mvula ikugwa. Zithunzi za malowa zafalitsidwa m'maiko ambiri. Koma mayi wa kwa Ganya kapena kwa Njolomole ataziona sangadabwe. Anganene kuti, "Aa, si khonde ili?"

Ku Burkina Faso kuli mkulu wina dzina lake Francis Kéré. Anabadwira m'mudzi wa Gando, anakaphunzira ku Germany, n'kubwerera kudzamanga sukulu ya pulayimale kwawo, yomwe inatha mu 2001. Anagwiritsa ntchito dothi la pamudzi pomwepo ndi manja a anthu a m'mudzimo. Denga la malata analikweza m'mwamba, kusiya mpata pakati pa malata ndi siling'i ya njerwa, kuti mpweya wotentha uzithawira pamenepo. Mu 2022 iye anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu zedi pa ntchito yolemba mapulani a nyumba. Sanapambane chifukwa cha magalasi kapena zipilala. Anapambana chifukwa ana a m'dziko lotentha anayamba kuphunzira m'chipinda chozizira bwino popanda magetsi.

Ngakhale nyumba zathu zodziwika zimanena zomwezo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu a kuno konkuno. Kukongola kwake konse kuli m'kayalidwe ka njerwa za maonekedwe osiyanasiyana, ndipo chaima zaka zoposa 130. Ku Lilongwe, likulu la Reserve Bank ndi lochepa kumunsi, lotambalala kumwamba ngati dengu. Nsanjika iliyonse imatulukira kunja kuposa ya pansi pake, motero imaiponyera mthunzi. Ndi nzeru ya khonde yomwe ija, yangokwera m'mwamba.

Sikuti zonse zatsopano n'zobwerera m'mbuyo ayi. Mu 2021 kampani ya 14Trees inamanga sukulu ku Salima pogwiritsa ntchito makina omwe amathira simenti mzere ndi mzere motsatira pulani ya pa kompyuta, ndipo makoma ake anatha m'maola 18. Luso lotere n'losangalatsa kuona. Koma ngakhale makinawo sangakuuzeni mbali yoyenera kuika khomo pamalo panu. Imeneyo ndi ntchito ya maso anu.

Denga lobisika ndi mphepo ya mkuntho

Fashoni yomwe yagwira anthu zaka zino ndi ya denga lobisika, pomwe khoma limakwera kupitirira malata kuti nyumba izioneka ngati bokosi. Ikamangidwa ndi mmisiri wodziwa, imakongola ndithu. Vuto lake n'loti madzi onse a padenga amadalira ngalande yobisika kuseri kwa khomalo. Masamba a mango akatseka ngalandeyo, kapena ngati malata sanapendeke mokwanira, madzi amabwerera m'nyumba. Komanso khoma lopanda denga lolitchinga limamwa mvula yonse. Pakangotha dzinja limodzi kapena awiri, penti ija imayamba kusenda, ndere n'kumera, mwini wake n'kumati mmisiri anamubera simenti.

Agogo athu ankadziwa kuti khoma la dothi limafuna zinthu ziwiri: pamwamba politchinga ndi pansi pouma. N'chifukwa chake ankakweza khonde ndi kutulutsa tsindwi kunja. Lamulo limeneli silinasinthe ngakhale pa nyumba ya mabuloko. Maziko okwera, pepala la pulasitiki loyalidwa pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma, ndi denga lotulukira kunja, zimateteza nyumba kuposa penti yodula.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikamabwera ndi mphepo, timamva za madenga omwe asasuka, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsa kuti nyumba si chokongoletsera chabe. Denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, chifukwa mphepo siipeza khoma lalitali lokankha. Mitengo ya denga iyenera kumangiriridwa ndi waya wolowa m'khoma kapena mu bimu yozungulira nyumba, osati kungotsamira pamwamba n'kupsinjidwa ndi miyala. Izi ndi zinthu zosaoneka pa chithunzi, ndipo ndi zomwe anthu amayamba kudula ndalama zikachepa. Pamenepo ndi pomwe banja liyenera kukhala pansi n'kugwirizana. Zipilala zikhoza kudikira chaka chamawa, bimu singadikire.

Njerwa ndi mitengo ya m'phiri

Uvuni uliwonse wa njerwa womwe mukuona ukufuka m'mbali mwa msewu wadya mitengo, ndipo yambiri ndi yachilengedwe yomwe imatenga zaka makumi kuti ikule. Kwa anthu a ku Ntcheu nkhaniyi si yongomva pa wailesi. Damu la Mpira, lomwe limamwetsa anthu a m'boma lino ndi a ku Balaka, limadalira nkhalango ya Mvai. Phiri likameteka, madzi amathamanga m'malo molowa pansi, matope amadzaza damu, mipopi imauma.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loona za zomangamanga la NCIC, linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Ambiri atembenukira ku mabuloko a simenti. Koma palinso njerwa za dothi losakaniza simenti, zonga za ku Kasungu zija, zomwe zimaumbidwa ndi dothi la pamalo pomwepo. Zikayalidwa bwino sizifuna pulasitala kapena penti, ndipo mtundu wake ndi wa nthaka ya kwanu. Khoma la dothi lochindikala limamwa kutentha masana n'kukutulutsa pang'onopang'ono usiku. Ndi chifukwa chake m'nyumba ya agogo mumazizira bwino masana, usiku n'kumafunda.

Tisanamizane, nyumba zakale zinali ndi mavuto ake. Udzu umagwira moto, umafuna kufoleranso pafupipafupi, ndipo masiku ano wayamba kusowa. Mdindo wopanda maziko umagwa mvula ikachuluka. Mawindo anali ang'ono, m'nyumba muli mdima, utsi wa kukhitchini ukuwononga maso ndi zifuwa za amayi. Palibe amene akunena kuti tibwerere kumeneko. Nkhani ndi yoti posamuka m'nyumba ya agogo tisasiye nzeru zawo pamodzi ndi mapale.

Tilowe pabalaza

Kunja kwa nyumba kumaonedwa ndi odutsa, koma m'kati ndi momwe banja limakhala. Pabalaza pambiri pano pamafanana: masofa aakulu odzaza chipinda chonse mpaka munthu kuyenda chammbali, kabati ya magalasi yodzaza mbale zomwe palibe amadyeramo, maluwa a pulasitiki, makatani olemera otchinga kuwala. Zonse n'zogula, zambiri n'zochokera kunja, ndipo mukalowa simungadziwe ngati muli ku Ntcheu kapena ku Ndirande.

Pomwe ife tikulimbirana zimenezi, mipando yoluka ya nsungwi, yomwe timaidutsa m'mbali mwa misewu osaiyang'ana kawiri, ikugulitsidwa m'masitolo odula ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo kumeneko amaitcha ndi dzina la dziko lathu. Malichero ndi nsengwa zomwe ife timabisa kukhitchini alendo akamabwera, ena akuzipachika pakhoma la pabalaza. Fodya wathu ali pamphuno pomwepa, ife maso ali kutali.

Yambani ndi siling'i. Nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha masana, imazizira usiku, ndipo m'mawa wa June imadontha mame pa bulangete. Ngati mabolodi akudula, mphasa za bango kapena nsungwi zong'alula bwino zimagwira ntchito yomweyo, ndipo zimachepetsa phokoso la mvula. Chofunika ndi kuzithira mankhwala a chiswe ndi anankafumbwe, komanso kuonetsetsa kuti mawaya a magetsi adutsa m'mapaipi ake.

Pansi, kumadera ozizira, simenti yosalala yothira utoto wofiira ndi mkeka pamwamba pake imakomera mapazi kuposa matailosi oyera, ndipo agogo sangaterereke. Pakhoma, laimu ndi wotsika mtengo, amawalitsa chipinda, komanso amalola khoma kupuma. Khoma limodzi lokha likhoza kupakidwa mtundu wa katondo kapena wa dothi lachikasu. Amayi a m'midzi yathu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Mvula ikatha, kapena Khirisimasi ikayandikira, amakatapa dothi lofiira, loyera ndi lakuda, n'kujambula mizere ndi maluwa pakhoma ndi manja awo. Mwambo wojambulawu ndi wakale kwambiri. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, muli zojambula za utoto wofiira ndi woyera zomwe makolo anasiya pa miyala.

Wofuna kuona momwe luso la kwathu lingakongoletsere nyumba ya njerwa sayenera kupita kutali. Ku Mua, m'boma loyandikana nalo la Dedza, kuli malo a Kungoni omwe anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, komwe zosema ndi zojambula pakhoma zimafotokoza mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pa Dedza pomwepo pali Dedza Pottery, komwe amaumba makapu, mbale ndi matailosi ojambula pamanja. Simungagule zonse, koma mukhoza kubwerako ndi maganizo.

Ndipo musaiwale zomwe muli nazo kale. Chishango ndi chibonga zomwe bambo amavinira ngoma pa Umhlangano ku Nkolimbo siziyenera kugona pansi pa bedi chaka chonse. Mtondo wa agogo womwe unang'aluka ukhoza kukhala poikapo duwa lenileni. Mtsuko pakona umakongoletsa, komanso umaziziritsa madzi magetsi akathima. Chitenje chomwe mayi anavala pa chinkhoswe chikhoza kusokedwa n'kukhala chovundikira mapilo. Chithunzi chimodzi cha banja, choikidwa mu felemu yabwino pakhoma loyera, chimalankhula kuposa makalendala asanu a zaka zomwe zinapita. Mlendo akafunsa kuti, "Ichi munachitenga kuti?" pakhale nkhani yokamba, osati mtengo wake wokha.

Pulani ilembedwe ndi banja lonse

M'mudzi wa Angoni akale khola la ng'ombe linkakhala pakati, nyumba n'kulizungulira, chifukwa moyo wa mudzi unkazungulira pamenepo. Funso lomwelo ndi loyenera kudzifunsa lero: moyo wa banja lathu umazungulira pati? M'makomo ambiri yankho lake si pabalaza ayi. Ndi pakhonde la kuseri, pomwe mayi amasankha ndiwo, ana amalembera homuweki, apongozi amafikira. Komabe pa pulani malo amenewa ndi omwe amaiwalika, pomwe chipinda chodyera, chomwe chimagwira ntchito pa Khirisimasi pokha, chimapatsidwa malo aakulu.

Kawirikawiri pulani amakambirana bambo ndi mmisiri awiriwiri, mayi n'kudzaiona nyumba itafika pa lintala. Koma amene akudziwa komwe utsi umalowera, mtunda wochoka pa mbaula kufika pa mpopi, ndi pomwe matumba a chimanga adzasungidwe, ndi mayiyo. Khitchini yamakono ya m'nyumba ndi yabwino, koma ngati nyemba zidzaphikidwabe pa makala kapena pa chitetezo mbaula, pafunika malo otchingidwa bwino panja, opita mphepo, oyandikana ndi khomo la kuseri. Ngati m'banjamo muli okalamba, masitepe asanu pakhomo ndi chilango. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya nyumba mwambiwu ulibe chophiphiritsa.

Ngati mungakwanitse, lipirani katswiri wolemba mapulani kuti afike pamalopo, osati kungokutumizirani pulani pa WhatsApp. Ngati simungakwanitse, chitani zomwe aliyense angathe. Pitani pamalo panu m'mawa wa June, mukaimepo mpaka mumve komwe mphepo ikuchokera. Mudzapitenso masana a October, muone pomwe pali mthunzi. Mvula ikagwa, kaoneni komwe madzi akulowera. Kenaka mukakhale pakhonde la agogo, muwafunse chifukwa chomwe khomo lawo linayang'ana komwe linayang'anako. Mwina adzaseka, n'kukuuzani kuti, "Mwana wanga, mphepo ya kuno siilowera uko." Mawu amenewo mukawauze amisiri asanayambe kukumba maziko.